Tiki, Nusu ndi Theka: Mbiri ya Masamu a Magawo ku Karonga

Amene analawirirapo pa doko la Ngara kapena la Kaporo nyengo ya usipa amadziwa kuti phokoso lenileni silibuka pamene mabwato akukocheza. Limabuka usipa ukagulidwa, ndalama zili m'manja, nthawi yogawana itakwana. Mwini chilimira amayamba wachotsa ya mafuta ndi ya nyali, kenaka zotsalazo amazidula pakati, theka lake, theka la anyamata amene achezera usiku wonse akukoka ukonde. Theka la anyamatalo nalonso silingogawidwa chigawire, chifukwa siginala, uja amatsogola ndi nyali kukopa nsomba, amatenga zoposa anzake. Kagawidwe kamasiyana doko ndi doko, koma tiyerekeze kuti okoka alipo asanu ndi atatu ndipo siginala akuwerengedwa ngati anthu awiri. Thekalo lidulidwa pakhumi. Wokoka aliyense apita kwawo ndi gawo limodzi mwa magawo 20 a ndalama zija, siginala atenga awiri mwa 20, lomwe ndi gawo limodzi mwa 10. Palibe wagwira cholembera, koma mmodzi wa iwo mutamuchepetsera K500 yokha, aimirira pomwepo.

Mwana wa msodzi yemweyo akakhala m'kalasi n'kuona pa bolodi palembedwa 1/2 ÷ 10, thukuta limayamba kutsika. Amati mafulakishoni ndi masamu achizungu, si a anthu ngati iye. Chonsecho samu ili pa bolodiyo ndi yomwe ija bambo ake aichita m'mutu dzuwa lisanakwere. Ziwirizi zinasiyana pati? Yankho lili m'mbiri ya boma la Karonga lenilenilo, pakuti ndi maboma ochepa m'Malawi muno amene anaona ndalama ndi miyeso ya mitundu yambiri ikukumana pa bwalo limodzi monga anaonera Karonga.

Angonde ndi anthu a ng'ombe ndi nthochi, ndipo ufumu wa Kyungu, umene unakhazikika pa phiri la Mbande cha m'ma 1600, unakula ndi malonda a minyanga ya njovu. Ofukula zakale anapeza pa Mbande mikanda yagalasi yochokera kutali, umboni wakuti katundu wa kunyanja yamchere ankafika kuno. M'maufumu ambiri a chigawo chino cha Africa munali lamulo lakuti njovu ikaphedwa, mnyanga umene wagunda pansi ndi wa mwini dziko, winawo wa mlenje. Limenelo ndi theka, losungidwa m'mwambo osati m'buku. Ng'ombe ikaphedwa pa maliro kapena pa ukwati, akuluakulu ankadziwa chiwalo chopita kwa amfumu ndi chopita kwa apongozi. Komabe tinene zoona: kugawa kotereku sikunali kofanana, ndipo panalibe wofuna kuti kufanane. Mwendo si chidale, ndipo gawo la munthu linkayezedwa ndi ulemu wake. Chimene chinabweretsa kufunika kwa magawo ofanana ndendende ndi malonda ndi alendo, anthu amene sungagwirizane nawo pa ubale koma pa muyeso basi.

M'zaka za m'ma 1880 ndalama ya ku Karonga inali nsalu. Kampani ya African Lakes, ija timaidziwa kuti Mandala, inakhazikitsa sitolo yake pa Karonga cha mu 1884, poyambira msewu wa Stevenson wopita ku nyanja ya Tanganyika, ndipo amtengatenga osenza katundu mumsewuwo ankalipidwa nsalu yoyera. Nthawi yomweyo Aswahili a Mlozi, amene anamanga linga lake ku Mpata, ankagula minyanga ndi nsalu yomweyo. Muyeso wake unali thupi la munthu. Mkono unali kuchokera pa chigongono kufika kunsonga ya chala. Mikono inayi inali mkwamba, uja munthu amatambasula manja onse awiri. Mikwamba iwiri Aswahili ankaitcha doti.

Nsalu ili ndi khalidwe limodzi labwino kwa wophunzira masamu: imapindika. Mukapinda doti pakati mupeza mkwamba. Mukapindanso mupeza mikono iwiri. Mukapinda kachitatu mupeza mkono umodzi, gawo limodzi mwa asanu ndi atatu. Mtengatenga amene sanaonepo sileti ankadziwa ndi maso ake kuti mikono inayi mwa isanu ndi itatu ndi theka la doti, ndipo kuti mikono iwiri ndi theka la thekalo. Chimene lero timalemba kuti 4/8 = 1/2 n'kumachitcha kufupikitsa fulakishoni, iye ankachipinda n'kuchiika pamutu. Mawu a Chiswahili akuti nusu, robo ndi thumni, kutanthauza theka, kota ndi gawo limodzi mwa asanu ndi atatu, onse ochokera ku Chiarabu, anayenda m'njira zomwezi pamodzi ndi nsalu. Ndipo ankadziwanso pamene pamabisala chinyengo. Mkono wa yani? Woyeza akakhala wamfupi, mkwamba umafupika, theka lake nalonso limafupika. Fulakishoni payokha sinena kanthu mpaka utafunsa kuti ndi gawo la chiyani.

Sindingalembe za nsalu imeneyi ngati kuti inali masamu chabe. Miyeso yomweyo ndiyo inkatchula mtengo wa munthu pa malonda a akapolo. Mu 1887 anthu a Mlozi anatentha Angonde amene anabisala m'bango la ku Kambwe, ndipo nkhondo imene inayamba chaka chimenecho sinatheretu mpaka December 1895, pamene asilikali a Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anagwetsa linga la Mlozi ndi kumupachika.

Mafulakishoni olemba, nambala pamwamba, kamzere pakati, nambala pansi, anafika ndi a mishoni ya Livingstonia. Dr David Kerr-Cross anagwira ntchito pakati pa Angonde ku Ngerenge, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anasamutsira likulu la mishoni ku Khondowe, pamwamba pa mapiri oyang'ana nyanja kummwera kwa Karonga, kumene kunatsegulidwa sukulu ya Overtoun. Popeza anabwera nawo ndi Asikotishi, ambiri amaganiza kuti masamuwa anabadwira ku Ulaya. Ayi ndithu. Limodzi mwa mabuku akale kwambiri a masamu amene alipo lero linakopedwa ku Egypt ndi mlembi wotchedwa Ahmes cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, ndipo imodzi mwa nkhani zake ndi yomwe ija ya pa doko: kugawira anthu khumi mikate yosakwana khumi. Aigupto ankakonda magawo okhala ndi 1 pamwamba, kotero 2/5 ankailemba ngati 1/3 kuphatikiza 1/15. Akatswiri a ku India ndiwo ankalemba nambala ina pamwamba pa inzake, koma popanda mzere. Kamzere kaja kakuonekera m'zolemba za al-Hassar, katswiri wa ku Morocco wa zaka za m'ma 1100. Leonardo wa ku Pisa, wodziwika kuti Fibonacci, anaphunzira kuwerengera ali mnyamata ku Bugia, m'dziko limene lero ndi Algeria, n'kukafalitsa njirazi ku Ulaya m'buku lake la mu 1202. Choncho chimene chinatsika pa sitima ya Mandala chinali chitazungulira dziko, koma mizu yake ina ili ku Africa konkuno.

Chimene Asikotishi anabweretsa chenicheni chawo ndi ndalama ya Angerezi, ndipo ndalama imeneyi inali sukulu ya mafulakishoni payokha. Makobiri 12 ankapanga sheleni, masheleni 20 ankapanga paundi, ndiye kuti m'paundi munali makobiri 240. Tiki inali makobiri atatu, kota ya sheleni. Sikisi inali theka. Hafukoloni inali masheleni awiri ndi theka, gawo limodzi mwa asanu ndi atatu a paundi. Ngakhale msonkho unkalankhula m'magawo: kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 msonkho wa nyumba unali masheleni 6, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankalipira theka lake, njira yokankhira anthu ku minda ya atsamunda. Pamwamba pa ndalama panali mainchesi 12 m'futi, mafuti atatu m'yadi, maaunsi 16 m'paundi ya sikelo, ndi rula ya kalipentala yodulidwa m'magawo 8 ndi 16.

Nambala ya 12 ili ndi mwayi umene 10 alibe. Imagawika pawiri, patatu, panayi ndi pasanu n'kamodzi popanda chotsala. Taonani samu iyi, imene ana ambiri lero amaithawa: 1/2 + 1/3 − 1/4. Mwana wa m'nthawi ya sheleni sankafunika kuuzidwa za nambala ya pansi yofanana. Theka la sheleni ndi makobiri 6. Gawo limodzi mwa atatu ndi makobiri 4. Kota ndi tiki, makobiri 3. Kuphatikiza 6 ndi 4 n'kuchotsapo 3 patsala makobiri 7, ndiye yankho ndi 7/12. Nambala ya pansi yofananayo, imene aphunzitsi amatcha LCM, inali m'thumba la kabudula wake, ikulira ngwengwengwe. Chinsinsi chonse cha kuphatikiza magawo ndi chimenechi: sungawonkhetse tizidutswa tosiyana kukula mpaka utatidula tonse kuti tifanane, monga mayi wogulitsa mpunga sangawonkhetse ndowa ndi mbale asanadziwe kuti m'ndowa mumalowa mbale zingati.

Anyamata a ku Overtoun anaphunzira masamu ovuta a mapaundi, masheleni ndi makobiri, ndipo luso limenelo linawatengera kutali. Anakakhala makalaliki, osunga masitolo, otumiza matelegalamu ndi aphunzitsi ku Tanganyika, ku Northern Rhodesia, ku Congo ndi ku migodi ya kummwera. N'zosadabwitsa kuti bungwe loyamba la Aafrika ophunzira m'dziko lino, North Nyasa Native Association, linayambira ku Karonga mu 1912, Levi Mumba ali mmodzi mwa atsogoleri ake. Munthu amene wadziwa kuwerengetsa msonkho sachedwa kufunsa kumene msonkhowo ukupita.

Koma chimene chinasiyanitsa Karonga ndi maboma ena ndi mtsinje wa Songwe. Tsidya lija kunali Ajeremani, ndipo ndalama yawo inali rupiya, imene poyamba inkagawika m'mapesa 64, kenaka kuyambira 1904 m'mahela 100. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene inamenyedwanso pa Karonga penipeni mu September 1914, itachotsa Ajeremani, Tanganyika inalandira sheleni ya East Africa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920. Sheleni imeneyi inali yolingana mphamvu ndi ya kuno, koma inkagawika m'masenti 100, osati m'makobiri 12. Taganizirani mnyamata wa ku Kaporo amene wapita kukakumba golide ku Lupa m'zaka za m'ma 1930, monga ankachitira ambiri a kumpoto. Walandira malipiro m'masenti, akubwerera kumudzi kumene sitolo ikufuna makobiri. Sheleni yomweyo, mayina awiri a tizidutswa take. Kobiri limodzi ndi masenti 100/12, kufupikitsa kwake 25/3, kapena masenti 8 ndi gawo limodzi mwa atatu. Kobiri ndi senti sizikumana bwino, koma pa tiki zimakumana: makobiri atatu ndi masenti 25 ndendende. Pa sikisi zimakumananso, masenti 50. Wosinthitsa ndalama wanzeru ankafuna malo amene miyeso iwiri ikugwirana chanza, ndipo masamu a magawo ndi omwewo. Osintha ndalama a pa chipata cha Songwe lero, kwacha m'dzanja lina, sheleni ya Tanzania m'dzanja lina, ndi adzukulu a luso limenelo.

Mu 1971 Malawi anasiya paundi n'kutenga kwacha. Paundi imodzi inasanduka makwacha awiri, sheleni inasanduka matambala 10, sikisi matambala 5, hafukoloni matambala 25. Kobiri ndilo linakana kulowa bwino: linali 10/12 ya tambala, ndiko kuti 5/6, ndipo chinthu cha makobiri atatu chinagwera pa matambala awiri ndi theka. Agogo athu anapitiriza kwa zaka zambiri kutchula K2 kuti paundi. Pambuyo pake mamita, malita ndi makilogalamu analowa m'malo mwa mayadi, magaloni ndi mapaundi a sikelo. Sindikudandaula za kusinthaku. Kuwerengera m'makhumi n'kosavuta, ndipo kunapulumutsa ana ku mazunzo a masamu aatali a ndalama. Koma panatayika kanthu kena kamene sitinakabwezeretse. Kwacha sigawika patatu. Mwana anasiya kugwira gawo limodzi mwa atatu m'manja, ndipo mafulakishoni anasamuka m'thumba n'kukakhala pa bolodi pokha.

M'moyo wa akuluakulu sanachoke. Pitani ku masikimu a mpunga a Hara, Wovwe, Lufilya ndi Chonanga, amene boma linakhazikitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970. Mapepala a alangizi amanena mahekitala, alimi amanena maekala, theka la ekala, kota ya ekala. Ekala ndi pafupifupi magawo awiri mwa asanu a hekitala, ndiye kota ya ekala ili pafupi ndi gawo limodzi mwa khumi a hekitala, ndipo mlimi wosadziwa zimenezi amathira feteleza wosakwana kapena wopitirira. Kuchigayo nako kuli samu ina. Mpunga wa Kilombero wosapuntha ukalowa m'makina, umene umatuluka woyera ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu, nthawi zina kucheperapo. Otsalawo ndi mankhusu ndi gaga. Tiyerekeze mayi wakolola matumba 12, ndipo kota ya zokololazo yapita kubweza ngongole ya feteleza ndi aganyu. Watsala ndi 3/4. Akapunthitsa atsala ndi 2/3 ya 3/4. Pa bolodi mphunzitsi akansela 3 wa pamwamba ndi 3 wa pansi, kutsala 2/4, kufupikitsa 1/2. M'nyumba mwa mayiyo matumba 12 asanduka 9, ndipo 9 asanduka 6. Venda amene wabwera ndi ndowa yake yofutukuka amawerengeratu zonsezi asanatchule mtengo. Mlimi amene sawerengera ndiye amagulitsa modzipha. Telala pa msika wa Karonga amadula mita ndi theka, pulambala amafuna paipi ya hafu inchi kapena ya makota atatu, ndipo mkhristu wopereka chakhumi amachita fulakishoni mwezi ndi mwezi osaitchula dzina.

Nanga sukulu inataya pati njira? Choyamba ndi chiyankhulo, ndipo ine wolemba m'Chichewa ndiyenera kuvomereza. Mu 1968 Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Mwana wa ku Karonga amene kunyumba amayankhula Kyangonde, Chitumbuka kapena Chilambya anayamba kuphunzira masamu m'chiyankhulo chachiwiri, kenaka m'chachitatu, ndipo kuyambira 2014 ndondomeko ya boma inati Chingerezi chiyambire mu Sitandade 1. Mawu achizungu a nambala ya pamwamba ndi ya pansi sauza mwana kanthu. Pamene m'Chichewa tikati gawo limodzi mwa magawo atatu, mawuwo afotokoza kale zonse: chinthu chadulidwa patatu, iwe watengapo kamodzi. Akatswiri akale a ku China ankatcha nambala ya pansi mayi, ya pamwamba mwana, kuti wophunzira aone chobala ndi chobadwa. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa ana. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, ophunzira m'dziko muno anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Linali dalitso lalikulu, koma mphunzitsi mmodzi pakati pa khwimbi la ana alibe nthawi yopinda nsalu. Amalemba lamulo, ana amaloweza, mayeso a MANEB akubwera.

Zipatso za kuloweza zimaoneka m'makope. Mwana amalemba 1/2 + 1/3 = 2/5, waphatikiza za pamwamba pazokha, za pansi pazokha. Mukamufunsa mwana yemweyo ngati munthu wokhala ndi theka la thumba, atapatsidwa mpunga wina, angatsale ndi wosakwana theka, aseka. Koma 2/5 ndi yochepa kuposa theka, ndipo iye sanaone, chifukwa nambalazo anasiya kuziona ngati mpunga. N'chimodzimodzi ndi BODMAS, lamulo la chimene chiyambe m'samu, limene ana amaimba ngati nyimbo. Bwererani pa doko paja. Usipa wagulidwa K200,000, mafuta adya K40,000. Mukayamba kuchotsa mafuta kenaka n'kudula pakati, anyamata atenga K80,000. Mukayamba kudula pakati n'kuchotsa mafutawo ku theka la anyamata, atsala ndi K60,000. Nambala ndi zomwezo, chasintha ndi chimene mwayamba. Mabulaketi m'samu ndi pangano la chimene chiyambe, ndipo pa doko pangano limenelo likasweka, anthu amagwirana m'makolala.

Pali fulakishoni ina imene ndikanakonda mwana aliyense wa ku Karonga ataidziwa kufupikitsa. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera, mumsewu wa ku Chitipa, unatsegulidwa mu 2009. Pa pangano la mu 2007, kampani ya Paladin ya ku Australia inali ndi magawo 85 pa 100, boma la Malawi magawo 15. Mgodiwo unaima mu 2014 mitengo itagwa, ndipo mu 2020 unagulitsidwa kwa Lotus Resources, boma likadali ndi magawo ake 15. Fupikitsani 15/100 mupeza 3/20. Agogo a nthawi ya paundi akanamva msanga: masheleni atatu pa paundi iliyonse. Msonkho wa pa miyala yogulitsidwa, umene lamulo linkati ukhale 5 pa 100, ndiko kuti sheleni imodzi pa paundi, unatsitsidwa m'zaka zoyambirira kufika 1.5 pa 100, makobiri osakwana anayi mwa 240 aja. Ndipo magawo awiriwa sungawaphatikize, chifukwa lina ndi gawo la umwini wa kampani, limene limabala ndalama pokhapokha phindu likapezeka, pamene linalo ndi gawo la zogulitsa. Ndi funso lomwe lija la mtengatenga wa mu 1884: gawo la chiyani, ndipo wayeza ndi mkono wa yani? Kaya panganolo linali labwino kaya loipa, anthu angatsutsane, koma mudzi umene sudziwa kuwerenga nambalazi sungalowe nawo m'mtsutsowo.

Choncho pempho langa likupita kwa inu aphunzitsi a ku Karonga, ndi kwa inu amene mukusula aphunzitsi pa koleji ya Karonga TTC. Sabata imene muyambe mafulakishoni, musayambe ndi lamulo. Tumani ana akafunse kunyumba mmene ndalama ya usipa imagawidwira, mmene thumba la mpunga limachepera kuchigayo, ndi chimene agogo awo ankagula ndi tiki. Aloleni afotokoze m'Kyangonde, m'Chitumbuka kapena m'Chichewa. Bwerani ndi chitenje m'kalasi, muchipinde katatu iwo akuona, kenaka mutenge choko mulembe 4/8 pa bolodi.